KUONANA NDI DOTOLO PA LAMYA: KUKONDWA SINDIKO KUCIRA

Masiku ano nyumba zambiri m'makomboni a Chipata monga Kapata, Mchini, Nabvutika ndi Magazine zili ndi lamya ya m'manja. Lamya yomweyo imene anthu atumizirapo ndalama ndi kumverapo uthenga wa maliro yayamba kugwira nchito ina yatsopano, ndiyo kufunsirapo za matenda. Mai ajambula zilonda za mwana wake ndi kutumiza kwa nasi amene apemphera naye chalichi cimodzi. Bambo wodwala BP aimbira clinical officer kufunsa ngati angapitirize mankhwala. Ku makiliniki ena, wanchito wa zaumoyo atumiza mbiri ya wodwala ndi zithunzi kwa katswiri amene ali ku Lusaka kapena kutsidya kwa nyanja. Kuthandiza wodwala motere, dotolo ali kwina ndipo wodwala ali kwina, ndiko kumene m'Cingelezi achula kuti telemedicine.

Funso limene akulu-akulu a zaumoyo akonda kufunsa ndi lakuti: kodi odwala ndi anchito akhutira nayo njira imeneyi? M'maiko ambiri kumene anthu anafunsidwa, makamaka pambuyo pa mliri wa Covid-19, odwala oculuka anayankha kuti anakhutira. Madotolo ndi manasi naonso ambiri anaibvomereza, ngakhale kuti anali ndi madandaulo ao. Yankho lotere ndi lokondweretsa, koma siliyenera kutseka nkhani. Wodwala angathe kukondwa pamene matenda ake sanadziwike. Lamya ndi cida cabwino ngati ithandiza manja a wanchito wa zaumoyo, koma ndi coopsa ngati ilowa m'malo mwa manjawo.

SI CINTHU CACILENDO M'ZAMBIA

Okalamba akumbukira kuti lamya za m'manja zisanabwere, zipatala zazing'ono za kumidzi zinali ndi wailesi ya mauthenga. Medical assistant akakumana ndi mai amene walephera kubala, anali kuitana cipatala ca pa boma pa wailesiyo, kulongosola zimene waona, ndi kulandira malangizo uku ambulansi ikubwera. Bungwe la Zambia Flying Doctor Service, limene linayamba m'caka ca 1965 ndipo likulu lake lili ku Ndola, linadaliranso wailesi polankhulana ndi makiliniki akutali. Motero nzeru yofunsa kwa mnzako wakutali si yalero. Cimene casintha ndi cida cabe.

M'caka ca 2006 ku Lusaka kunayamba nchito yopima kansa ya khomo la cibaliro, imene anaitsogolera Dr Groesbeck Parham ndi Dr Mulindi Mwanahamuntu. Manasi anaphunzitsidwa kupaka vinega pa khomo la cibaliro ndi kujambula ndi kamera. Mai anali kuonetsedwa cithunzi cake pomwepo, ndipo cithunzi cokaikitsa cinali kutumizidwa kwa katswiri kuti anenepo. Mwa njira imeneyi madotolo owerengeka anathandiza amai zikwi zambiri amene sanaonane nao maso ndi maso.

M'caka ca 2010 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi UNICEF anayambitsa nchito yochedwa Project Mwana ku Luapula ndi ku cigawo ca kum'mwera. Kale magazi a khanda lobadwa kwa mai wa HIV anali kutumizidwa ku labu yakutali, ndipo zotsatira zinali kubwerera pa pepala ndi galimoto. Ndi Project Mwana zotsatira zinayamba kufika ku kiliniki pa uthenga wa SMS. Kafukufuku amene anacitika m'makiliniki 10 a kum'mwera anapeza kuti masiku oyembekezera kuti zotsatira zifike ku kiliniki anatsika kucoka pa 44 kufika pa 27. Kwa khanda la HIV limene lisanayambe mankhwala, masabata awiri ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Palinso bungwe la ku Britain lochedwa Virtual Doctors, limene lipatsa ma clinical officer a kumidzi lamya zotumizira mbiri ya wodwala kwa madotolo odzipereka akunja. Pali maphunziro a pa vidiyo ochedwa Project ECHO, amene anayambira ku New Mexico mu America m'caka ca 2003, ndipo kuno anchito a m'zipatala zosiyana-siyana akumaniranapo kukambirana za odwala obvuta, makamaka a HIV. Ndipo Covid-19 itafika m'dziko lino pa 18 Marichi 2020, Boma linalengeza nambala yaulere ya 909, ndipo odwala amene sanali kumva kuwawa kwambiri anali kukhala panyumba ndi kutsatiridwa pa lamya.

Owerenga aonetsetse cinthu cimodzi. M'nchito zonse zimene zinayenda bwino kwa nthawi yaitali, pafupi ndi wodwala panali munthu wophunzira za cipatala, wokhala ndi maso, manja ndi zopimira. Lamya inali kulumikiza wanchito ndi wanchito mnzake.

CIMENE ODWALA AKONDWERA NACO

Palibe cifukwa cotsutsira cimwemwe ca odwala, pakuti cili ndi maziko ake. Kuyambira caka ca 2012 kuonedwa pa kiliniki ya Boma sikulipiritsidwa, koma ulendo wa ku kiliniki uli ndi mtengo wake. Mai wogulitsa tomato pa msika akapita kukaima pa mzere m'mawa, tsikulo malonda afa. Bambo wa maganyu akajomba, madzulo ana agona ndi njala. Wokalamba amene miyendo inatupa afuna njinga ya moto kapena takisi, ndiponso mdzukulu womperekeza amene adzajomba ku sukulu. Ngati zonsezi zicitika kuti munthu akangomva mau akuti "zotsatira zanu zili bwino, pitirizani mankhwala," ndani angakane kuuzidwa mau omwewo pa lamya?

Nkhani ikula kwambiri kwa otumizidwa ku Lusaka. Kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupi-fupi 570 pa mseu wa Great East. Wodwala wopita ku UTH kapena ku Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa m'caka ca 2007, afuna ndalama ya basi ya anthu awiri, cakudya ndi pogona. Mabanja ena agulitsa mbuzi, ena akongola kaloba. Ulendo wina ndi wosapeweka, monga wa opaleshoni kapena wokaocha cotupa ndi makina. Koma ulendo wokangoonetsa pepala la zotsatira, kapena wokapatsidwa tsiku lina lobweranso, ungathe kupewedwa ngati katswiri wa ku Lusaka alankhula ndi wanchito wa kuno wodwala ali pomwepo.

Ena akondwa cifukwa ca manyazi. Mnyamata amene ali ndi matenda opatsirana pogonana aopa kukhala pa benchi pamene anansi amuona. Mtsikana wofuna kudziwa za kulera aopa kukumana ndi mnzao wa amai ake. Munthu wobvutika maganizo safuna kuti komboni yonse imuche wamisala. Anthu otere alankhula momasuka pa lamya kuposa m'cipinda cimene citseko cake sicitsekeka bwino. Ndiponso wodwala amene aimbiridwa ndi nasi kufunsidwa mmene wagonera amva kuti cipatala cimkumbukira, ndipo zimenezo zimlimbikitsa kumwa mankhwala mosadumpha.

CIMENE ANCHITO AKONDWERA NACO

Cigawo ca kum'mawa cinali ndi anthu opitirira 2.4 miliyoni pa kalembera wa 2022, ndipo akatswiri a matenda a khungu, a mtima, a maso kapena a ubongo ndi ocepa kwambiri m'dziko lonse, ambiri a iwo ali m'mizinda ikulu-ikulu ya m'mbali mwa njanji. Amene aona odwala oculuka tsiku ndi tsiku ndi ma clinical officer, manasi ndi azamba. Anthu awa anaphunzira bwino, koma palibe munthu amene adziwa matenda onse. Mutu umodzi susenza denga.

Clinical officer amene ali yekha pa kiliniki akakumana ndi zotupa zacilendo pa khungu la mwana, kale anali ndi njira ziwiri cabe: kuyesa mankhwala moganizira, kapena kulemba kalata yotumiza mwanayo kutali. Lero angathe kujambula, kulemba zimene wapeza popima, ndi kulandira maganizo a katswiri. Wodwala athandizidwa pafupi ndi kwao, ndipo wanchito aphunzirapo, kotero kuti mwana wina akadzabwera ndi bvuto lomwelo sadzafunsanso. Amene atumizidwa ku cipatala cacikulu afika akudziwika kale, ndipo sayambanso pa ciyambi. Kumeneku ndiko kukhutira kwa anchito kumene kuli ndi phindu looneka.

CIFUKWA CAKE KUKONDWA SIKUKWANIRA

Koma cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali zifukwa zinai zimene munthu wanzeru ayenera kucenjera pamene amva kuti "odwala ambiri akhutira."

Coyamba, amene afunsidwa ndi okhawo amene lamya yao inalira. Gogo wopanda lamya safunsidwa. Mai amene lamya ili m'thumba la mwamuna wake safunsidwa. Amene talktime inamthera pakati pa nkhani safunsidwa. Kafukufuku wa bungwe la ZICTA wa caka ca 2022 anapeza kuti munthu mmodzi cabe mwa anai alionse ndiye anali atagwiritsapo nchito intaneti. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kuzima maola ofika 20 pa tsiku m'madera ambiri, lamya zinali kuzima ndipo netiweki inali kubvuta. Osauka ndi okalamba, amene ndiwo adwala kwambiri, ndiwo asowa m'ciwerengero ca okhutira.

Caciwiri, anthu a kuno ndi aulemu. Munthu akafunsidwa ndi wa cipatala ngati wathandizidwa bwino, ayankha kuti "inde, zikomo kwambiri," ngakhale sanamve theka la zimene wauzidwa. Aopa kuti akadandaula sadzamulandira bwino tsiku lina. Ngati malangizo aperekedwa m'Cingelezi kwa munthu amene alankhula Cinyanja, Cinsenga kapena Citumbuka, "inde" wakeyo alibe tanthauzo.

Cacitatu, cimene cikondweretsa wodwala nthawi zina ndico cimupweteka. Munthu wa cimfine akondwa akauzidwa dzina la makapisozi oti akagule, ndipo akhumudwa akauzidwa kuti apumule ndi kumwa madzi ambiri. Koma cimfine wamba sicifuna makapisozi, ndipo kumwa mankhwala opha tizilombo mwacisawawa ndiko kucititsa kuti tizilombo tileke kumva mankhwala. Wopereka malangizo pa lamya amene afuna kuyamikiridwa, kapena amene alipidwa pa kuitana kulikonse, ali pa ciyeso copereka cimene wodwala afuna m'malo mwa cimene afunikira.

Cacinai, funso lifunsidwa msanga. Lamya ikangodulidwa wodwala anena kuti wakhutira. Pambuyo pa masiku atatu, mwana amene anauzidwa kuti amwe Panado wagonekedwa m'cipatala ndi malungo a m'mutu, koma pepala la kafukufuku linalembedwa kale. Mafunso oyenera ndi awa: kodi wodwala anacira? Kodi matenda ake anadziwika pa nthawi yake? Kodi mankhwala amene anauzidwa anawapeza? Kodi anawononga ndalama zingati zonse pamodzi?

ZIMENE LAMYA SINGATHE KUCITA

Aliyense amene anaphunzira nchito ya cipatala anaphunzitsidwa kumvetsera mbiri ya wodwala, kuyang'ana, kugwira, kugogoda ndi kumvetsera ndi cida ca m'makutu. Lamya ithandiza pa kumvetsera mbiri, ndi pang'ono pa kuyang'ana. Zotsalazo sizitheka.

Kutentha thupi ndico citsanzo cacikulu m'cigawo cino. Malungo, cibayo, taifodi, matenda a m'cikhodzodzo ndi matenda oumitsa khosi onse angathe kuyamba ndi kutentha thupi ndi mutu. Lamulo la cipatala ndi lakuti munthu apimidwe magazi pa cala asanapatsidwe Coartem. Palibe dotolo, ngakhale wophunzira cotani, amene angaone malungo pa lamya. Cibayo ca mwana cidziwika powerenga mpweya: mwana wa miyezi 2 kufika 11 akapuma ka 50 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, kapena wa caka cimodzi kufika zaka 5 akapuma ka 40 kapena kupitirira, ndiye kuti apuma mofulumira. Mai wodera nkhawa pakati pa usiku sangawerenge bwino, ndipo mwana akulira. Kucepa kwa magazi kuoneka m'zikhato ndi m'zikope, koma kamera ya lamya isintha mtundu wa cinthu malinga ndi kuwala. Mimba yowawa ifuna dzanja kuti lisiyanitse mpweya wamba ndi matumbo amene afuna opaleshoni usiku womwewo. BP ya mai wapakati simveka m'mau ake.

Kolera ya kumapeto kwa 2023 ndi kuciyambi kwa 2024 inapha anthu opitirira 700, ndipo bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Ambiri mwa omwalirawo anafera kunyumba kapena anafika mocedwa. Munthu wotsegula m'mimba madzi okha-okha angathe kuuma thupi m'maola ocepa. Wotere ayenera kuyamba kumwa Madzi a Moyo pomwepo ndi kunyamulidwa. Nthawi yoyembekezera yankho la pa WhatsApp palibe.

Ndico cifukwa cake bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a caka ca 2019, linabvomereza kuonana ndi odwala pa lamya monga coonjezera pa kuonana maso ndi maso, osati colowa m'malo mwake, ndiponso pokhapo pamene citetezo ndi cinsinsi ca wodwala zisamalidwa.

MADANDAULO A ANCHITO

Anchito a zaumoyo amene akhala m'makomboni adziwa mbali ina ya nkhaniyi imene silembedwa m'malipoti. Nambala ya nasi ikadziwika, ilira usiku, pa Sondo, ngakhale pa maliro. Acibale, anansi ndi a mpingo atumiza zithunzi za mapepala a ku labu ndi kufuna yankho pomwepo. Kukana kuoneka ngati kunyada. Kuyankha ndiko kusenza mlandu, pakuti wodwala amene sanapimidwe akaipirako, banja lidzati, "anatiuza ndi a dotolo." Malangizo otere salembedwa m'buku lililonse kapena mu SmartCare, motero wanchito wina amene adzaona wodwalayo mawa sadziwa mankhwala amene anamwa kale.

Ngakhale pamene nchito ya pa lamya ndi ya cipatala, kambiri iikidwa pamwamba pa nchito ya masiku onse. Wanchito mmodzi yemweyo ali ndi mzere wa odwala panja, ndipo afunikanso kulemba mbiri yaitali pa lamya ndi kuyembekezera netiweki. Nthawi zina agula yekha mabandulo a intaneti. Nthawi zina katswiri wakutali alangiza kupima kumene labu ya kuno ilibe, kapena mankhwala amene m'famase mulibe. Ndipo nchito zambiri zotere zibwera ndi ndalama za mabungwe akunja. Ndalamazo zikatha, zida zikhala m'kabati. Wanchito amene waona zimenezi kawiri kapena katatu sakondwera msanga ndi cida catsopano, ndipo sayenera kunenedwa kuti adana ndi citukuko.

CINSINSI NDI AKATHYALI

M'nyumba zambiri lamya imodzi igwiridwa ndi anthu angapo. Uthenga wonena za mankhwala a ARV ukawerengedwa ndi munthu wosayenera, ukwati ungathe kugwedezeka, ndipo amai ena amenyedwa cifukwa ca zotere. Cithunzi ca malo obisika cikacoka m'lamya sicibwerera. Lamulo la Data Protection Act la caka ca 2021 liika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kusungidwa mosamala kwambiri. Wanchito ayenera kupempha cilolezo asanajambule wodwala, kubisa nkhope ndi dzina pamene kuli kotheka, ndi kusatumiza cithunzico ku magulu a maceza. Wodwala ali ndi ufulu wokana, ndiponso wonena nambala ndi nthawi imene afuna kuimbiridwa.

Pa Facebook ndi WhatsApp pali anthu obvala makhoti oyera amene adzicha madotolo, alonjeza kuciritsa shuga, BP, kusabala ngakhale HIV, ndipo afuna ndalama ya pa lamya asanayankhe. Owerenga adziwe kuti dotolo ndi clinical officer weni-weni alembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, nasi ndi mzamba ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndipo mankhwala ndi masitolo ake ayang'aniridwa ndi ZAMRA. Wanchito woona sakwiya akafunsidwa dzina lake lonse, nambala yake yolembetsera ndi cipatala cimene agwirako nchito. Aliyense amene auza wodwala kuleka ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a khunyu ndi mdani wa moyo wake.

ENA ADZATSUTSA

Pali amene adzati: kodi malangizo a pa lamya si abwino kuposa kukhala wopanda thandizo lililonse? Kwa munthu wa kumudzi wakutali, amene mtsinje wadzala ndipo mlatho wakokoloka, mau amenewa ndi oona, ndipo ndiye ayenera kuyamba kuganiziridwa. Koma wa m'komboni ali ndi kiliniki pa mtunda woyenda pansi. Kwa iye ngozi ndi yakuti lamya imupatsa mtima wakuti wathandizidwa, ndipo acedwa masiku awiri amene akanamupulumutsa.

Pali enanso amene akana zonse, nati cipatala ndi jekeseni ndi kugwiridwa ndi dotolo basi. Awa naonso alakwa. Munthu amene BP yake yakhazikika, amene apimitsa pafupi ndi kwao ndi kulemba manambala m'kabuku, safunika kutaya tsiku lathunthu kuti akawerengere dotolo manambalawo. Amene amwa bwino ma ARV ndi kulandira mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi angathe kukumbutsidwa pa lamya tsiku lopimitsa magazi. Anthu otere akacoka pa mzere, mwana wodwala kwambiri aonedwa msanga.

ZOYENERA KUCITA ABOMA NDI AZIPATALA

Unduna ndi maofesi a zaumoyo a m'maboma ayenera kuyamba ndi njira imene yaonetsa kale phindu, ndiyo yolumikiza wanchito wa pa kiliniki ndi katswiri. Cipatala cacikulu cikhale ndi ndandanda yodziwika ya amene ayankha mafunso a makiliniki tsiku lililonse, ndipo nthawi imeneyo iwerengedwe monga nchito. Kiliniki iliyonse ikhale ndi lamya yake-yake, talktime ndi magetsi a dzuwa, kuti wanchito asapereke nambala yake. Malangizo onse alembedwe m'mbiri ya wodwala. Kuitana kukhale kwaulere kwa wodwala ndipo kutheke pa lamya wamba ya mabatani, m'cinenero cimene iye amva. Pofufuza za kukhutira, ofunsa asakhale anchito a pa kiliniki yomweyo, afunsenso amene analephera kuimba, ndipo abwerere patapita sabata kuona ngati wodwala anacira. Makomiti a zaumoyo a m'makomboni apatsidwe mpata wonena zimene amva kwa anthu.

ZOYENERA KUCITA PANYUMBA

Banja lililonse lisunge nambala ya kiliniki yapafupi ndi ya munthu wa galimoto amene angathandize usiku. Poimba, munthu akhale ndi khadi la ku cipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene amwa, kuphatikizapo azitsamba. Anene zoona zokha-zokha, cifukwa wakutali adalira mau ake cabe. Asanadule lamya abwereze zimene wauzidwa, ndipo afunse kuti: "Nanga ndikaona ciani ndiye ndibwere msanga?" Safunsa anadya phula.

Lamya ndi yoyenera pofunsa za zotsatira, tsiku lobwerera, kamwedwe ka mankhwala, njira za kulera, ndi potsatira matenda amene anapimidwa kale. Koma pa zizindikiro izi palibe kuimba kofunsa nzeru, koma kunyamuka:

Mwana amene akana kuyamwa kapena kumwa, asanza ciliconse, akomoka, wafooka kosadzuka bwino, apuma mofulumira kapena nthiti zilowa m'kati popuma.

Khanda losakwana miyezi iwiri limene latentha kapena lazizira thupi.

Mai wapakati amene ataya magazi, mutu umuwawa kwambiri, aona cizungu-zungu kapena mdima m'maso, watupa nkhope ndi manja, madzi asweka, kapena mwana waleka kusewera m'mimba.

Munthu aliyense wotentha thupi amene sanapimidwe malungo.

Kuwawa kwa pa cifuwa, kubanika, kupotoka kwa kamwa, kufa kwa dzanja kapena mwendo, kapena kulephera kulankhula mwadzidzidzi.

Kutsegula m'mimba kwa madzi ambiri, mimba youma ndi yowawa kwambiri, khosi louma, kulumidwa ndi njoka kapena galu, ndi kumwa mankhwala a m'munda.

Cifuwa cimene catha masabata awiri, kapena cobwera ndi kuonda ndi thukuta la usiku, cifuna kupima makhololo ku kiliniki, ndipo kupima ndi mankhwala a TB ndi zaulere m'zipatala za Boma.

Odwala ali ndi cifukwa cokondwera ndi lamya, pakuti iwasungira ndalama, nthawi ndi ulemu. Anchito ali ndi cifukwa cokondwera nayo, pakuti iwapatsa mnzao wofunsa. Koma muyeso weni-weni wa nchito ya cipatala ndi wakuti mwana wabwerera ku sukulu, mai wabala bwino, ndipo bambo wa BP sanafe ziwalo. Atsogoleri ayese nchito ya pa lamya ndi muyeso umenewo asanaiyamikire pa misonkhano. Ndipo makolo akumbukire kuti mwana akatentha thupi usiku, lamya ndi yoitanira galimoto, ndipo kupima kucitika ku kiliniki.